Thandizo la mankhwala ku America ndi labwino, koma mtengowo akuugwira ndani?

Ena mukamva kuti munthu ali ku America mumaganiza kuti nkhani ya mankhwala inatha kalekale. Ayi ndithu. Mankhwalawo alipo, mashelefu a m'mafamase ndi odzaza tho. Vuto limayamba dokotala akakulembera kapepala, iwe n'kufika pa kauntala n'kumva mtengo. Ena amangoti zikomo, n'kutembenuka kubwerera kunyumba chimanjamanja.

Maganizo anga ndi akuti maboma a zigawo akuchita bwino kuthandiza anthu kugula mankhwala, ndipo alipo anthu amene akupuma lero chifukwa cha thandizo limeneli. Koma thandizo lambiri limangolipira mtengo umene wopanga mankhwala wanena, osamufunsa n'komwe kuti wakwera chonchi bwanji. Kumeneko ndi kutunga madzi ndi dengu. Boma lithira ndalama, mtengo ukwera, boma lithiranso.

Kuti timvane, kumbukirani kuti dziko lino lili ndi boma lalikulu ku Washington komanso maboma a zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake. Zigawozi ndi zimene zinayamba kudzidzimuka. New Jersey inakhazikitsa pulogalamu yake ya PAAD, yothandiza okalamba kugula mankhwala, mu 1975. Pennsylvania inayambitsa PACE mu 1984, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndalama zake zimachokera ku lotale ya boma, kutanthauza kuti amene akugula matikiti poyembekeza kulemera ndi amene akugulira agogo mapilitsi a mtima. New York ili ndi EPIC kuyambira 1987, ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo amene amapeza ndalama zosapitirira $75,000 pa chaka ngati ali okha, kapena $100,000 ngati ali pabanja. Ku Wisconsin kuli SeniorCare, komwe munthu amalembetsa ndi $30 pa chaka, ndipo opeza zochepa amalipira $5 kapena $15 basi pa mankhwala. Izi si zinthu zazing'ono, ndipo sindikuzinyoza.

Boma lalikulu linabwera mochedwa. Medicare, inshuwalansi ya okalamba, inayamba kulipirako mankhwala a kufamase mu 2006, ndipo lamulo limene linabweretsa zimenezi linaletsanso boma kukambirana mitengo ndi makampani. Taganizani, wogula wamkulu kuposa onse m'dziko, koma womumanga pakamwa kuti asanenerere. Zigawo zingapo zitaona kuti Washington yalowererapo zinatseka mapulogalamu awo, zina zinawasiya kuti azingotseka mipata imene Medicare yasiya.

Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndiye mipata imeneyi ndimaionera pa tebulo lakukhitchini. Agogo ena amene ndinkawasamalira anali ndi kabokosi ka mapilitsi kolembedwa masiku a sabata. Tsiku lina ndinawapeza atagwira kampeni, magalasi ali pamphuno, akudula piritsi pakati mosamala kwambiri, tizidutswa tikugwera pa mbale. Nditawafunsa anati, “Mwanawe, adokotala anati limodzi pa tsiku, koma mwezi ndi wautali kuposa botolo.” Chimene chinandipweteka n'chakuti agogowa anali oyenera kulandira thandizo la boma la chigawo chawo. Fomu inalipo, itapanikizidwa pansi pa mulu wa makalata. Inkafuna umboni wa ndalama za chaka chatha, nambala zingapo, mapepala a msonkho, zonsezi kwa munthu amene maso ake sakuonanso zilembo zing'onozing'ono. Tinaidzaza limodzi ndi mdzukulu wawo ndipo zinatheka. Koma ndi angati amene alibe mdzukulu wapafupi? Thandizo limene limadikira kuti wodwala alifunefune yekha limafika kwa ochenjera ndi amphamvu, ofooka enieniwo n'kutsala.

Ndiye palinso nkhani ya zaka. Mapulogalamu ambiri akalewa ndi a okalamba ndi olumala. Nanga wa zaka 26? Dzina la Alec Smith lili m'malamulo a Minnesota lero chifukwa cha funso limeneli. Mnyamatayu anali ndi matenda a shuga, ankagwira ntchito yoyang'anira lesitilanti ku Minneapolis. Atakwanitsa zaka 26 lamulo linamuchotsa pa inshuwalansi ya mayi ake. Malipiro ake anali ochuluka moti sakanalandira thandizo la osauka, koma ochepa moti sakanakwanitsa insulini ndi zipangizo zake, zimene zinkafika cha m'ma $1,300 pa mwezi. Anayamba kuumira jakisoni kuti afike tsiku la malipiro. Anamwalira mu June 2017, pasanathe mwezi chichokereni pa inshuwalansi ija. Mayi ake, a Nicole Smith-Holt, sanakhale pansi. Anayenda ku nyumba ya malamulo mpaka mu 2020 lamulo lotchedwa dzina la mwana wawo linadutsa.

Lamulo limeneli ndimalikonda, ndipo ndinena chifukwa. Munthu wokhala ku Minnesota amene insulini yake yatsala ya masiku osakwana asanu ndi awiri amapita kufamase, kusonyeza chiphaso, kudzaza kafomu kachidule, n'kulandira ya mwezi wathunthu pa mtengo wosapitirira $35. Salindira kuti komiti ikhale pansi. Chachiwiri, amene amabweza insuliniyo kapena ndalama zake kufamase ndi kampani yopanga, osati okhoma msonkho. N'chifukwa chake bungwe la makampani a mankhwala la PhRMA linathamangira kukhoti lamulolo litangotsala pang'ono kuyamba kugwira ntchito. Ine ndikaona eni malonda akukwiya ndi lamulo, ndimadziwa kuti lagwira pamene pali ndalama.

Colorado inali yoyamba, mu 2019, kuika malire akuti wodwala asalipire kupitirira $100 pa insulini ya mwezi, ndipo zigawo zoposa 20 zinatsatira. Anthu anaomba m'manja, ine ndinaomba nawo. Koma tiyeni tione bwinobwino. Malirewo ndi a ndalama imene wodwala amatulutsa m'thumba pa kauntala, mtengo weniweni wa botolo sunagwedezeke. Yotsalayo ikulipiridwa ndi inshuwalansi, ndipo inshuwalansi imakabweza ndalama zake pokweza zimene tonse timadulidwa mwezi ndi mwezi. Komanso amene alibe inshuwalansi lamulo lotere silimukhudza. Kuwonjezera apo, makampani akuluakulu ambiri amalipira okha chithandizo cha antchito awo, ndipo dongosolo lotere lili pansi pa lamulo la boma lalikulu la 1974 lotchedwa ERISA, limene chigawo sichingalilowerere. Ndiye anthu awiri oyandikana nyumba, matenda amodzi, mankhwala amodzi, wina atetezedwa wina ayi.

Mtengowo ndiye mwini nkhani. Insulini anaitulukira ku Toronto mu 1921, ndipo amene anaitulukira anagulitsa umwini wake ku yunivesite pa dola imodzi aliyense kuti aliyense wodwala aipeze. Humalog, insulini ya kampani ya Eli Lilly, inali pafupifupi $21 botolo itangotuluka mu 1996. Patapita zaka makumi awiri ndi pang'ono inali cha pa $275. Mankhwala omwewo, botolo lomwelo. Mu March 2023 kampaniyo inalengeza kuti ikutsitsa mtengo ndi 70 peresenti, ndipo Novo Nordisk ndi Sanofi anatsatira m'masabata omwewo. Ndiye funso langa ndi ili: ngati zinatheka kutsitsa chonchi kampani osagwa, zaka zonse zija mapulogalamu a boma ankalipira chiyani? Makampaniwo amaloza chala madobadoba a pakati, aja amakambirana mitengo m'malo mwa inshuwalansi n'kumadyapo, madobadobawo amaloza makampani. Onse akunena zoona pang'ono, ndipo onse akudya.

Zigawo zimene ndikuziyang'ana ndi chidwi ndi zimene zayamba kulimbana ndi mtengo weniweniwo. Maryland inakhazikitsa mu 2019 bungwe loyamba lounika ngati mankhwala ena ali pa mtengo woti anthu angakwanitse. Bungwe lotere la ku Colorado linagamula mu 2024 kuti Enbrel, mankhwala a nyamakazi, ndi odula mopitirira muyeso, ndipo kampani ya Amgen inapita kukhoti. California inasankha njira ina: mu 2023 inagwirizana ndi Civica, kampani yosafuna phindu, pa $50 miliyoni kuti apange insulini yawoyawo yosapitirira $30 botolo. Zinachedwa kuposa mmene analonjezera, inde, kupanga mankhwala si masewera, koma ganizolo ndi lolimba mtima. Za Florida, imene inaloledwa mu January 2024 kuitanitsa mankhwala ku Canada, sindikhulupirira kwenikweni. Canada ili ndi anthu pafupifupi 40 miliyoni, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo chifukwa boma lake limagwira mitengo. Kupita kukagula kwa mnansi chifukwa iwe ukuopa kunenerera wekha, ulendo wake ndi waufupi.

Washington nayo yadzuka pang'ono. Lamulo la 2022 linaika insulini pa $35 pa mwezi kwa a Medicare kuyambira 2023, linati kuyambira 2025 pakhale malire a ndalama zimene wokalamba amalipira pa chaka pa mankhwala a kufamase, oyambira pa $2,000 chaka chimenecho, ndipo linamasula pakamwa pa boma kuti likambirane mitengo, kuyambira ndi mankhwala khumi monga Eliquis, Xarelto ndi Jardiance, mitengo yatsopano kuyamba mu 2026. Khumi okha pa zikwizikwi poyambirapo, ndiponso kwa a Medicare okha. Woyendetsa thiraki wa zaka 50 ku Texas kapena ku Florida, zigawo zimene zinakana kukulitsa Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu opeza zochepa, lamuloli silikumudziwa. Phungu wa m'chigawo chotere akadzabwera kudzapempha voti ndi kapepala kolonjeza khadi lochotsera mtengo, inu mudzamufunse kuti ndalama yochotsedwayo ikutuluka m'thumba la ndani, la kampani kapena lanu lomwe.