Alamu, ma ace si obisa

Ndakhala chete kuyambira dzulo koma mtima ukukana, ndiye ndilankhule basi.

Alamu anga anabwera kwathu madzulo, ati kudzaonera mpira. Mpira utatha anatsegula laputopu yanga, pa data yanga, n'kukhala pa tebulo la poker (juga ya makhadi) la anthu 6, lija la ma blind a masenti 10 ndi 25, ndalama zimene anthu awiri amakakamizidwa kuika makhadi asanagawidwe. Analowa ndi madola 25. Ine ndili pambali ndi kapu yanga ya tiyi. Sipanathe mphindi 20, makhadi awiri amene anapatsidwa anatembenuka: ace ndi ace, aakulu koposa onse. Ine mpaka ndinaika kapu pansi. Iwo ndiwo anali oyamba kusewera, ndiye ndimati akweza. Ayi ndithu. Anangoponya masenti 25 omwewo osakweza, zimene amati limp, n'kundiyang'ana akumwetulira ngati munthu amene watchera diwa pa mpita wa mbewa. Ati, "Alamu, dekhani, tiwakole bwinobwino."

Kukola ndani?

Wotsatira analowa. Winanso analowa. Wa small blind, wa masenti 10 uja, anangoonjezera masenti 15, wa big blind, wa masenti 25, anaona flop (makhadi atatu oyamba oikidwa pakati, a aliyense) ulere, osalipira kalikonse pamwamba. Anthu asanu mu poto imodzi, kulimbirana ndalama zoikidwa pakati. Flop inagwa 8, 7, 4. Alamu anabetcha, wa big blind anakweza, alamu osaganiza n'komwe, all-in, ndalama zonse. Mnyamata wa big blind uja anatembenuza 6 ndi 5. Straight, makhadi asanu otsatizana, oposa ma ace awiri. Madola 25 psiti, ndipo alamu anaimirira n'kuyamba kutukwana site kuti ndi ya akuba.

Alamu, palibe amene wakuberani. Mwadzibera nokha. Munthu wa 6 ndi 5 amene uja mukanakweza kufika pa masenti 75 kapena dola imodzi, mwina akanataya makhadi ake n'kupita kukamwa madzi, ndipo akanati aumirire akanalipira. Munamuitana ndinu. Munamutsegulira chitseko, kumuyalira mphasa, kumupatsa madzi osamba m'manja, lero mukudabwa kuti wamaliza ndiwo.

Ukapatsidwa makhadi akuluakulu, kweza. Basi. Ma ace, kweza. Ma king, kweza. Ma queen, kweza. Wina akakweza iwe usanafike, kwezanso pamwamba pake. Ndalama zilowe pamene iwe uli patsogolo, chifukwa nthawi yokhayo imene ukudziwa motsimikiza kuti ma ace ako ali patsogolo ndi flop isanagwe. Makhadi atatu aja akangotembenuka, nthawi zambiri zimene uli nazo ndi pair imodzi, makhadi awiri ofanana. Pair imodzi! Yaikulu inde, koma imodzi.

Ma ace awiri amabwera kamodzi pa ma hand 221, kutanthauza maulendo 221 ogawiridwa makhadi. Pa tebulo limodzi la pa intaneti ndiye kuti wakhala maola awiri kapena atatu ukutaya zinyalala, 9 ndi 3, jack ndi 4, ma blind akukudya pang'onopang'ono. Ndiye atabwera, iwe n'kuwasewera ngati zinyalala zomwezo? Ukalimbana ndi munthu mmodzi yekha, ma ace amapambana maulendo pafupifupi 85 pa 100. Akakhala awiri, amatsika kufika cha pa 73. Atatu, cha pa 64. Anayi, monga anachitira alamu dzulo, ndi cha pa 56, kungodutsa theka pang'ono. Munthu watenga hand yabwino koposa m'masewera onse n'kuisandutsa yoponya ndalama m'mwamba kuti tione mbali imene igwere, ndiye akuti ndi nzeru. Wopusa anaomba ng'oma, ochenjera navina.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ngakhale msampha wakewo ukagwira, umagwira chiyani? Dzulo poto inali dola imodzi ndi masenti 25 flop isanagwe. Tiyerekeze kuti onse anayi aja anaphonya. Alamu akanabetcha, onse akanathawa, iwo n'kutenga kadola kamodzi. Ndi zimenezo. Maola atatu odikira, kadola kamodzi. Koma tsiku limene ndalama zonse zalowa mu poto yoyamba ndi masenti, dziwa kuti wakuikira ndalama zakeyo wagwira chinachake: two pair (ma pair awiri), set (makhadi atatu ofanana), straight. Palibe amene amaponya madola 25 pa poto ya dola imodzi ali ndi mphepo m'manja, makamaka pa matebulo a masenti. Ndiye kubisa ma ace kumatanthauza kuti ukapambana upambana zochepa, ukaluza uluza zonse. Upambana masenti, uluza madola. Ukolola nsima ya mwana, ulipira ng'ombe. Ndibwereze kangati?

Ndipo ma king ndiye musayerekeze n'komwe. Uli ndi ma king, ace imagwa pa flop pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi kapena asanu. Walola anthu anayi kulowa motchipa, ndipo anthu a pa matebulo amenewa sataya ace, ngakhale ace ndi 3 amalowa nayo. Ace ija ikagwa ukhala pamenepo thukuta kamukamu, kutaya ukulephera, kubetcha ukuopa. Aliyense amene ali ndi ka pair kakang'ono, ma 4 kaya ma 5, amagwira set kamodzi pa ma flop 8 kapena 9. Si zachilendo zimenezo, zimachitika usiku uliwonse. Bwanji osamulipiritsa kuti aione flop imeneyo?

Ndikudziwa kumene zimachokera, ndi timavidiyo ta pa YouTube tija ta akatswiri a ku Las Vegas akukola anzawo. Iwowo amakhala akudziwana, akuonana nkhope, ndipo vidiyo ya tsiku limene msampha unawagwira eni ake simuionera. Chabwino, ndivomere kamodzi: ngati kumbuyo kwako kuli chidakwa cha masewera chimene chikukweza hand iliyonse, mwina ukhoza kulowa mwakachetechete kuti chikweze iwe n'kuchigwera pamwamba. Koma dzulo panalibe munthu wotero. Panali anthu ongokonda kuona flop, ndipo anthu otere safuna kunamizidwa. Amalowa okha. Ukweze katatu alowa, ukweze kanayi ena alowabe. Ukubisiranji mphamvu kwa munthu amene sakukuyang'ana n'komwe, amene mwina watsegula matebulo anayi uku akudya chipisi?

Alamu ati amaopa kuti akakweza onse athawa. Athawe! Watenga masenti 35 a ma blind popanda kutuluka thukuta, hand ina ikubwera pasanathe mphindi. Kuthawidwa ndi ma ace sikunasaukitsepo munthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo dzulo ndaiona ndi maso anga ikufa, pa sofa yanga.

Komanso nkhani iyi yomati site ndi ya akuba nthawi zonse mukaluza, yandikwana. Mukapambana ndinu akatswiri, mukaluza makina akonzedwa. Eni site amadula kagawo kawo pa poto, apambane ndinu kaya mnyamata wa 6 ndi 5 kwa iwo n'chimodzimodzi. Pa intaneti ma hand amathamanga kuposa pa tebulo lenileni, ndiye zopweteka nazonso zimabwera pafupipafupi, palibe ufiti pamenepo. Sabata yatha yomweyi alamu omwewa anapha ma queen a munthu ndi jack ndi 9, river, khadi lomaliza la pakati, itawapulumutsa, anavina m'nyumba muno mpaka ana anadzuka. Tsiku limenelo site inali yachilungamo.

Ndiye atamaliza kutukwana anakhala pansi, anapumira m'mwamba, kenako ati, "Alamu, tandiponyerani kangachepe pa foni, ndibweze zanga zija, mawa m'mawa ndikupatsani." Ndalama ya sabata yatha sinabwere. Ya mwezi watha sinabwere. Bundle yanga ya mwezi wonse yatha pa 19. Achemwali anga akundiimbira kufunsa ngati bambo a kunyumba anasiya ndalama ya magetsi kwathu kuno, ine ndiyankhe kuti chiyani? Kuti ili ndi mnyamata wina wa 6 ndi 5 amene sitikudziwa n'komwe dziko limene ali?

Password ya laputopu ndasintha.