Oimba khumi pa riddim imodzi si ulesi

Kuno ku Mulanje ndimamva anthu akunena kuti oimba akakwera biti imodzi ali khumi, ndiye kuti producer wasowa nzeru. Ine ndikukana. Nyimbo za dancehall zimayenda choncho kuyambira kale, ndipo biti imodzi yoimbapo anthu ambiri imatchedwa riddim. Riddim ya Sleng Teng, imene producer King Jammy anatulutsa ku Jamaica mu 1985, inachokera mu kiyibodi yaing'ono ya Casio MT-40, koma oimba mazanamazana aimbapo. Ku Mbare, mu Harare, Levels ndi Fantan a situdiyo ya Chillspot Records atukula achinyamata ambiri mwa njira yomweyi.

Chimene chikupha ma riddim a m'masitudiyo athu a pa Chitakale, Limbuli ndi Luchenza ndi kagwiridwe ka ntchito.

Producer amatumiza biti ya mp3 ya 128 kbps, aliyense n'kukajambula kwake. Mp3 imadula mawu opyapyala a pamwamba, komanso imaika kampata kakang'ono koyambirira, ndiye mawu a oimba akabwerera sagwera pa ng'oma bwinobwino. Tumizani WAV, mtundu wa fayilo umene sudula mawu, ya 24-bit, 44.1 kHz, ngati Document pa WhatsApp. Bandulo idyeka, inde, koma kujambulanso n'kodula kuposa pamenepo. Pa dzina la fayilo lembani liwiro ndi kiyi, mwachitsanzo 100 BPM, A minor.

Nkhani ya kiyi ndiyo imandiwawa kwambiri. Mnyamata ali ndi mawu abwino, mavesi akuthwa, koma wojambula wasiya Auto-Tune, makina owongola mawu a woimba, pa kiyi ya nyimbo ya dzulo. Makinawo amakokera mawu ku manoti olakwika, ndipo omvera amangoti sadziwa kuimba. Zikatero DJ akamasakaniza nyimbo zonse za riddimyo, yake amaidumpha.

Muwerengenso ma bar, tizigawo tofanana timene biti imagawidwamo: 4 poyambira, 8 kolasi, 16 vesi. Wina akaonjezera awiri, kolasi yake imagwa biti itasintha kale.

Situdiyo ya denga la malata, mvula ya kuno mukuidziwa. Ikayamba, imani kaye, phokosolo silichoka pa mix. Kolekani bulangete lochindikala kumbuyo kwa woimba, akhale masentimita 15 kuchokera pa maiki, ndipo mawu asapyole -6 dB pa mita yojambulira. Besi muiyese pa foni ndi pa kasipika kamene a kabaza amamangirira pa njinga. Yakuya kwambiri simveka pamenepo, choncho ipatseni saturation pang'ono, ndiko kuikhakhalitsa, kuti ilume.

Za ndalama, achimwene, kambiranani musanalowe mu buthu, kachipinda kojambulira mawu. Biti ndi ya producer, mawu ndi a woimba, ndipo gawo la aliyense lilembedwe papepala, nonse musaine, kenako mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso. Dzina la producer likhale pa chikuto ndi pa fayilo iliyonse. Ndipo producer asaope kubweza nyimbo yosapsa, ngakhale mwini wake walipira kale. Riddim ya nyimbo zisanu zolimba imavinidwa pa ukwati mpaka kutha, ya makumi awiri zosasankha DJ amaidula pa yachitatu.