Amphaka akuseri kwa mabini aja

Abale anga a kuno ku Mbare mu Harare ndilankhuleko, zomwe ndaona m'mawa uno zandiwawa kobasi. Munthu wina wasakaniza tameki ndi nsima ndi matemba nkukayika kuseri kwa mabini, ndapeza mphaka wamawangamawanga uja akuphupha thovu lili kukamwa, tiana take 4 tikulira mukatoni ya tomato maso tisanatsegule nkomwe. Pamalo pomwepo mpomwe ana athu amasewera mpira osavala ndi nsapato zomwe, inu.

Sindikukana kuti amphakawa amasowetsa mtendere. Amaba ndiwo, amang'amba mapepala a zinyalala, usiku kulira padenga ngati khanda mpaka agogo amati atumidwa ndi afiti amenewo, pomwe ndi nyengo yokwerana chabe. Koma kupha kwatithandiza chani? Chaka chatha anathiranso poizoni, tinangopuma pang'ono makoswe nkuyamba kulowa mpaka mumapoto, kenako amphaka ena anabwera kuchokera ku msika wa Mbare Musika chifukwa chakudya chilipobe pamabinipo. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake ndi masiku 63 mpaka 65 basi, pachaka amaswa kawiri kapena katatu, ndiye mupha angati amalume?

Njira ilipo ndipo maiko ambiri akuchita. Mumawagwira ndi msampha wa khola wosapweteka, kupita nawo kwa dokotala wa ziweto, amuna amawafula akazi kuwatseka, kubaya katemera wa chiwewe, kudulako kansonga ka khutu limodzi adakali okomoka kuti tizidziwa kuti uyu zake zinatheka kale, akachira mkuwabweza pomwe munawatenga. Sakuswanso, ndeu ndi kulira kwa usiku kumachepa, amalondera dera lawo, ndipo chiwerengero chimatsika chokha pang'onopang'ono.

Zimafuna ndalama inde. Koma ife timasonkherana za maliro ndi za ukwati osavuta, dola imodzi pakhomo tingalephere? Loweruka ndikupita ku SPCA, bungwe loteteza zinyama, kukafunsa mtengo komanso ngati angatibwereke msampha.

Tiana tija ndatitenga tili kwanga, ndatifunditsa juzi yakale pambali pa botolo la madzi ofunda, tikufunika kuyamwa maola awiri kapena atatu aliwonse ndipo mkaka wa ng'ombe umatitsegula m'mimba. Amene ali ndi mphaka woyamwitsa chonde andipeze lero lomwe, kamodzi kafooka kale.