Botolo losonkhera agalu lizionekera mkati

Abale anga a kuno ku Dedza, ndikatchula zosonkhera agalu opanda mwini ena amandifunsa kuti, "Ana akugona ndi njala, inu mukuganiza za agalu?" Funsoli sindilipeputsa ayi. Koma galu wosabayidwa katemera woyendayenda pa Chimbiya kapena pamsika wa Lizulu, kawirikawiri amene amamuluma ndi mwana yemweyo. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri a ku Africa ndi Asia, ndipo kubaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera kumawaletsa kufala. Kusamala galu n'kuteteza mwana wako yemwe.

Maganizo anga ndi akuti tisadikire mabokosi okongola ochokera kutauni. Tipange tokha, koma tisagwiritse ntchito chitini chakuda chosaoneka mkati. Anthu kwathu kuno si oumira, pamaliro ndi pachinkhoswe timaona mmene amaperekera. Chimene chimawabweza dzanja ndi kukayika kuti ndalamayo ikathera kuti.

Tengani botolo loyera la malita 5 lomwe munali mafuta ophikira. Litsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, kenako liume mpaka gwa, chifukwa ndi chinyezi cha kunoku ndalama zapepala sizichedwa kuchita nkhungu. Boolani kampata kakang'ono pakhosi ndi mpeni wotenthetsa, kongokwana K100 kapena K500 yopinda, koti chala chisalowe. Chivindikiro mumate ndi guluu, mukulunge selotepi, anthu awiri asainepo. Pakapepala lembani m'Chichewa ndi zilembo zazikulu kuti ndalamazo zikagwira ntchito yanji, tsiku lotsegula, ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yoti atumizireko iwo amene sanatenge ndalama m'manja. Kapepalako kasaphimbe botolo lonse, wodutsa aziona zimene anzake aponyamo.

Mulimange ndi waya pakauntala ya golosale, kuchigayo kapena pafupi ndi chiwaya cha chipisi, mutapempha kaye mwini malo mwaulemu. Tsiku lotsegula, iyeyo akhalepo, mfumu kapena nduna yake ikhaleponso, muwerengere pagulu. Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani musalumphe ngakhale mutapeza ndalama zochepa.

Kopereka kulipo. LSPCA ku Lilongwe (bungwe loteteza ndi kusamalira nyama), yomwe inayamba mu 2008, imasunga agalu ndi amphaka otayidwa, imabaya katemera, komanso imathandiza abulu ngati awa amakoka ngolo m'midzi yathuyi. Mukapereka mutenge lisiti, mulimate pabotolo lotsatira. Tikayamba m'nyengo yozizira, mabotolo oyamba tingawatsegule pa 28 September, tsiku lolimbana ndi chiwewe padziko lonse.