Intaneti ya pakhomo kuno ku Mchinji: tikulipira chifukwa tilibe kothawira

Abale anga, nkhani ya intaneti ya pakhomo yandifika pakhosi. Mwezi ndi mwezi ndimachotsa ndalama yomwe ikanagula feteleza kapena kulipira fizi ya mwana n'kugula bandulo ya rauta, koma chimene ndimalandira sichigwirizana ndi chimene ndalipira. Mtengo wokha ndikanaupirira. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti ndikakwiya ndilibe koti ndipite, ndipo amene amandigulitsa akudziwa bwino kuti ndilibe koti ndipite.

Amene muli ndi rauta kapena MiFi (karauta kam'thumba) pa Boma pano, ku Kamwendo, ku Waliranji kapena ku Mkanda mukudziwa m'mene zimakhalira. M'bandakucha intaneti imathamanga bwinobwino. Dzuwa likangolowa, anthu aweruka, ana akufuna kuwerenga, basi yayamba kukwawa. Mlamu wanga ndi mphunzitsi ndipo akuwonjezera maphunziro ali kunyumba. Kalasi yawo ya pa Zoom imakhala madzulo, nthawi yomweyo imene netiweki imafooka. Mawu a aphunzitsi awo amabwera modukaduka, chithunzi chimaima, kenako foni imawatulutsa m'kalasimo. Ntchito yoti atumize amaidzukira usiku pakati. Munthu wamkulu, wa banja lake, amene m'mawa akuyenera kukaima kutsogolo kwa ana, akugona mochedwa chifukwa cha chinthu chomwe walipira kale.

Ukaimba foni kudandaula, yankho ndi lomwe lija: zimitsani rauta muyatsenso, isunthireni pafupi ndi zenera. Ana amene amayankha mafoniwo sindiwada, akunena zomwe anauzidwa. Koma vuto silili pa zenera langa.

Chimene ambiri satiuza n'chakuti intaneti imene timaitcha ya pakhomo kunoko ndi netiweki yomweyo ya mafoni. Rauta ilibe chingwe chakechake, imakoka ku nsanja imene foni ya aliyense m'dera lonselo ikukokako. Mphamvu ya nsanja ili ndi malire, ndiye anthu akachuluka aliyense amalandira kagawo kochepa. Magetsi akazima nsanjayo imadalira mabatire kapena jenereta, ndipo mafuta akasowa m'dziko muno netiweki nayo imavutika. Palinso mabandulo aja amati alibe malire. Ukadutsa mlingo wina amakuchepetsera liwiro, ndipo lamulo limenelo limalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tomwe munthu amationa atalipira kale.

Kampani imawonjezera nsanja ikaopa kuti makasitomala ake athawa. Nanga kuno athawira kuti? Msika wa mafoni m'Malawi uli m'manja mwa makampani awiri, Airtel ndi TNM. Mukayika mitengo ya mabandulo awo pamodzi muona kuti siisiyana kwenikweni. Ambirife tili ndi masimu onse awiri m'foni imodzi, ndipo timangosinthasintha kufuna pomwe pali mpweya tsiku limenelo. Kumeneko si kusankha ayi, ndi kulipira kawiri. Intaneti ya chingwe cha fibre chofika m'nyumba imapezeka m'madera ena a Lilongwe ndi Blantyre, koma ife a m'maboma timangoimva.

Ndikudziwa zomwe makampaniwa amayankha, ndipo zina ndi zoona. Malawi alibe nyanja yaikulu ya mchere. Zingwe zikuluzikulu za intaneti monga SEACOM ndi EASSy zimatsikira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, ndiye kuti intaneti ifike kuno iyenera kudutsa m'maiko a anzathu ndipo kumeneko timalipira ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo zonse zoitanitsa kunja zinakwera mtengo. Mu Meyi 2024 zingwe ziwirizi zitaduka pansi pa nyanja, tonse tinaona m'mene intaneti inavutira. Zimenezo sindikutsutsa.

Koma munthu wa ku Mchinji asauzidwe kuti vuto lonse ndi kutalika kwa nyanja. Chingwe cha fibre cholumikiza Malawi ndi Zambia chimadutsa m'boma lathu lomwe lino kupita kuchipata cha Mwami. Mu 2023 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wofuna kutsitsa mtengo wodutsitsira intaneti, ndipo tinauzidwa kuti phindu lake lifika kwa ife ogula. Chingwecho chayenda makilomita mazanamazana kuchokera kugombe, chafika pakhomo pathu, n'kutidutsa. Chikulephera ndi kamtunda kochepa kochokera pamsewu kufika m'nyumba, m'sukulu, m'chipatala ndi m'mashopu. Zili ngati kukhala m'mbali mwa mtsinje wa Bua koma madzi akumwa n'kumagula pa kapu.

Ndipo ife a m'malire timaona zomwe ena sakuona. M'midzi ina yoyandikana ndi Zambia anthu amasunga simu ya kutsidya, chifukwa nthawi zina ndi imene imagwira. Kumeneko kuli MTN, Airtel ndi Zamtel akulimbirana munthu mmodzi. Sindikunena kuti ku Chipata zonse zili bwino. Ndikungoti n'zomvetsa chisoni kuti Mmalawi, ali m'dziko lake, apeze mpumulo pa nsanja ya dziko lina.

Wina anena kuti gulani Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti. Inde, inalowa m'dziko muno mu 2023 ndipo amene anaigula ambiri akuiyamikira. Koma pomwe inkayamba, zipangizo zake zokha zinkadutsa K500,000, osawerengera ya pamwezi, komanso imafuna magetsi odalirika. Mabungwe, malo ogona alendo ndi amalonda akuluakulu akwanitsa. Mphunzitsi wa pulayimale, namwino, kapena kalabu ya alimi a soya ndi mtedza yomwe ikungofuna kudziwa mitengo ya ku Lilongwe mavenda asanaidyere masuku pamutu, ndalama imeneyo aitenga kuti? Mpikisano umene ukufika kwa olemera okha sutsitsa mtengo wa bandulo ya munthu wamba.

Tsono mawu anga akupita kwa inu a MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mauthenga, chifukwa lamulo linakupatsani udindo woteteza ife ogula. Lamulo la za mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lomwe cholinga chake ndi kufikitsa mafoni ndi intaneti kumadera kumene makampani saonako phindu. Tiuzeni poyera, boma ndi boma, kuti ndalama za thumbali zagwira ntchito yanji. Bwerani mudzayeze liwiro la intaneti kuno nthawi ya madzulo, osati masana anthu ali kumunda, ndipo zotsatira zake muzitulutse aliyense aone kuti kampani iti ikupereka zomwe inalonjeza. Munthu asamagule bandulo mwakhungu.

Koma chachikulu kuposa zonse ndi kutsegula chingwe chija. Achinyamata odziwa za makompyuta alipo, ena ndi ana a konkuno amene anamaliza maphunziro ndipo angokhala. Atapatsidwa chilolezo chosaboola m'thumba, n'kuloledwa kugula intaneti yochuluka pa chingwecho pa mtengo wachilungamo, akhoza kuigawa m'nyumba za pa Boma ndi m'misika yathu ikuluikulu. Mapolo a magetsi aima kale m'misewu, chingwe chikhoza kuyenda pomwepo. Kampani yaing'ono ya munthu amene timakumana naye kumsika ndi kumaliro singandiuze kuti ndisunthire rauta pa zenera mwezi wathunthu, chifukwa ikudziwa kuti mawa ndipita kwa mnzake. Makampani akuluakulu nawonso akadzaona anthu akuchoka, nsanja zija adzawonjezera okha popanda wowakakamiza.

Boma nalonso lisabisale kumbuyo kwa makampani. Mu 2015 linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a pafoni, pamwamba pa VAT. Boma lomwelo likutiuza kuti zinthu zambiri tizichitira pa intaneti: kufunsira malo ku yunivesite, kufunsira ntchito, kulipira misonkho. Ngati intaneti yasanduka khomo lolowera ku zonsezi, bwanji ikukhomeredwa msonkho ngati chinthu chongosangalatsa? Mu 2020 anthu anafuula kuti mtengo wa data utsike ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse, koma zokambiranazo zinathera pa mitengo ya mabandulo, funso la kuchepa kwa opikisana silinayankhidwe.

Aphungu athu a Mchinji, nthawi ya bajeti ikafika imani m'nyumba ya malamulo mufunse za msonkho umenewu, ndipo mufunsenso nduna yoona za mauthenga kuti chingwe chodutsa m'boma lanu chidzayamba liti kutumikira anthu amene anakuvoterani. Ife tikumvetsera pa wailesi.