Eni matipa, pakhomo pa anthu si pa depoti

Ndikulankhula ndi inu eni matipa ndi malole kuno ku Salima, ndi inunso ana anga madalaivala. A gulupu ndi anyakwawa, mundikhululukire, koma nkhaniyi sikukulambalalani.

Kuchokera pa Kaphatenga, pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, tipa yodzadza mchenga ikumasiya msewu wa tala n'kulowa m'tinjira tam'makomo, tomwe anthu adalambula ndi makasu kuti muzidutsa ngolo, kabaza ndi onyamula maliro. Ikadutsa kawiri mvula itagwa, njira yatha, kalavati waphwanyika, madzi a m'ngalande akhotera m'nyumba ya mwini wake. Usiku mayi akayamba kudwala matenda a uchembere, ambulansi iloŵera pati?

Madzulo mukumaimika chigalimoto chonsecho pampata wa nyumba ziwiri. Oilo akudonthera pansi pafupi ndi mjigo. Tambala asanalire mwaliza kale injini, utsi wa dizilo uli thoo m'mawindo a anzanu. Zonsezo tikhoza kupirira, koma taonani msinkhu wa tayala la tipa, muonenso msinkhu wa mwana wa zaka 3. Akakhala pamthunzi kuseri kwa tayalalo n'kumaumba tiziŵiya ta dothi, inu muli pampando pamwambapo simungamuone, ngakhale mutayang'ana pagalasi. Ndani mwa inu amatsika kuzungulira galimoto asanabwerere m'mbuyo? Mtima wanga umapweteka pamenepa.

Musati malamulo kulibe. Lamulo la mapulani a malo la 2016 lidasiyanitsa malo okhala anthu, a malonda ndi a mafakitale. Poloti imene mudapatsidwa kuti mumangepo nyumba simungangoisandutsa galaja popanda chilolezo cha khonsolo.

Kumene mchengawo ukuchokera ndiye kuli manyazi. Gombe la mtsinje wa Linthipe mwalikumba mpaka m'mizu ya mabango, kunyanja mukutapa dzuŵa likuswa mtengo. Mchenga ndi miyala ya kwale, lamulo la migodi la 2023 limaziŵerenga m'gulu la zam'nthaka zofunika chilolezo, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA kuti liziyang'anira zoterezi. Ndalama yopatsana m'manja pansi pa mtengo wa mango si chilolezo ayi, ngakhale woilandirayo atavala mkanjo wa ufumu. Anyamata aganyu a mafosholo sindiwadzudzula kwambiri, njala ndiyo ikuwatuma, ndipo chigwembe chikagumuka amene amakwiririka ndi iwowo, mwini tipa ali phee kunyumba.

Mwaiŵala kale za 2024, nyanja itasefukira n'kuloŵa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay? Mchenga wa pagombe ndiwo umafooketsa mafunde a mwera. Mukaupakira m'galimoto, madzi afika pakhonde. Maenje amene mukusiya nawo akumadzadza m'dzinja, udzudzu n'kumaswana, ana oŵeta mbuzi n'kumasambamo osadziŵa kuya kwake. Samvamnkhunkhu adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma apa nkhwangwayo ikugwera ana osalakwa.

Pitani kukhonsolo akulozereni kokumba ndi koimika magalimoto anu, ndipo dzenje lililonse mukwirire musanasamuke. Inu okhala m'makomomu, tipa ikagona pakhomo panu lembani nambala yake, mupite nayo kwa khansala kapena kupolisi ya pamsewu. Musaope kuti mwini wake ndi wachibale.