Khanda lisamatengere matenda m'chipatala

Mayi wachira bwinobwino, khanda lalira, achibale ayimbirana mafoni kuti kwabwera mlendo. Pakutha masiku atatu kapena anayi mwana wasiya kuyamwa, thupi latentha kapena lazizira, akupuma mobanika. Timathamangira kunena kuti ndi chifuniro cha Mulungu, ena mpaka kuloza chala agogo akumudzi. Komatu ena mwa makanda amenewa amadwala ndi tizilombo tomwe atengera m'chipatala momwemo.

Kamodzi mwa tizilomboti ndi Klebsiella. Kamabisala m'masinki, pa timachubu ndi pa timabedi, ndipo kamayenda ndi manja a anthu. Mwana wobadwa masiku asanakwane khungu lake ndi lopyapyala, mchombo ndi bala, pamkono pali kanula, kachubu kolowetsera mankhwala mu mtsempha. Kachilomboka kakalowa m'magazi sikachedwa kupha. Ofufuza za matenda a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akukapeza m'magazi a makanda ku Chatinkha, komwe amasamalira makanda odwala pa chipatala cha Queens ku Blantyre, ndipo nthawi zambiri sikamvanso gentamicin kapena ceftriaxone, mankhwala omwe timadalira. Ngakhale ku South Africa, kumapeto kwa 2019, makanda 10 anamwalira nako pa chipatala cha Tembisa, m'chipinda chomwe ana anachuluka kuposa mabedi.

Ine anamwino sindikuwaimba mlandu. Munthu wachezera usiku wonse m'chipinda chodzadza, makanda awiri pa bedi limodzi, mpopi wauma, sopo watha. Asamba m'manja ndi chiyani? Chimene chimandipweteka n'chakuti madzi ndi sopo timazitenga ngati zinthu zazing'ono pa bajeti. Aphungu athu amakonda kudula riboni pa nyumba yatsopano. Bwanji osayamba ndi thanki ya madzi ku chipinda cha amayi oyembekezera, ndi munthu wokonza masinki akawonongeka? Mu nazale, chipinda cha makanda odwala, sopo asamathe ngakhale tsiku limodzi.

Nafenso achibale tili ndi mbali yathu. Tikabwera kudzaona mwana aliyense amafuna kumunyamula, manja atagwira ndalama mu minibasi. Tiyambe tasamba. Pa mchombo tisapake china chilichonse kupatula chomwe achipatala apereka. Ndipo makapisozi ogula pa msika chimfine chikangotigwira ndi omwe akuzoloweretsa tizilombo kuti tisamamve mankhwala.

Inu amayi, mwana ndi wanu. Wina akafuna kumugwira, kaya ndi apongozi kaya adokotala, funsani mwaulemu: "Pepani, mwasambako m'manja?" Ndipo inu achipatala, mayi akafunsa choncho musamukalipire.